Mabokosi Asanu ndi Atatu a Bambo

3 Malichi

Mzime wathu,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo kuzizira sikunakumalize. Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la Amayi lomwe likupitiriza kulosera mvula. Khala pansi, chifukwa kalata iyi ndi yantchito.

Ukukumbukira kompyuta yaikulu ija unatisiyira pa laibulale? Ndatsiriza kulowetsamo mayina a mabuku athu onse, zikwi zisanu ndi chimodzi, ndi zala ziwiri zokha. Vuto ndi loti kompyutayo ndi imodzi, ili kuseri kwa tebulo langa, ndipo aliyense wofuna buku amadikira ine. Tsono ofesi ina ya zamtengatenga itatsekedwa chaka chatha, anatitutira mabokosi makumi awiri, aja a sikirini ya zilembo zobiriwira ndi kiyibodi, opanda nzeru zawozawo, ongolumikiza ndi waya ku kompyuta yaikulu. Pa makumi awiriwo, loyaka linali limodzi.

Ukuwadziwa Bambo ako. Zaka makumi anayi akukonza mawailesi ndi ma TV, anthu sanawatche a Sataya pachabe. Chitsekereni shopu yawo chifukwa cha kunjenjemera kwa manja ankangokhala pakhonde, kuwerenga magalimoto odutsa. Atangoona mulu uja anadzuka ngati wina wawaitana dzina. Miyezi isanu akhala m'kachipinda ka kuseri, chitsulo chowotcherera m'manja, dzanja lamanzere litagwira lamanja kuti lisagwedezeke. Lero ndili ndi mabokosi asanu ndi atatu oyaka, ofanana ngati mapasa, atandanda m'chipinda chowerengera. Bambo ayambanso kuimba malikhweru posamba.

Koma pali kanthu. Titawalumikiza, zilembo zikubwera ndithu, koma zikungomwazika. Ukalemba pamwamba zikutulukira pansi, mayina a mabuku akukwerana, ndipo pakati pake pakubwera tizizindikiro tosadziwika. Munthu sangawerenge kanthu.

Amayi apampando a komiti yathu akhala akuchifuna chipindachi kuti azisungiramo mipando ya mu holo. Andipatsa mpaka pa 9 Meyi. Tsiku limenelo adzabwera ndi komiti yonse, ndipo bokosi lililonse losagwira ntchito lidzakwezedwa pa ngolo ya wogula zitsulo zakutha. Ine ndavomera pamaso pa anthu, mokweza mawu kuposa mmene ndimafunira. Bambo ndawauza za tsikuli, iwo angoseka n'kuti mwana wawo wa makompyuta alipo.

Foni ya pano siimba kunja, ndiye yankha msanga ndi kalata. Ndakopera zonse zolembedwa pa kachitsulo ka kumbuyo kwa mabokosiwa, zili papepala linalo. Utiuzenso ngati ukudya, chifukwa pa chithunzi chija khosi latalika.

Ndine chemwali wako,
Chisamba

14 Malichi

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa Amayi ndi bondo lawo, ndi kwa Bambo. Ndikudya, khosi ndi lobadwa nalo. Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira pa makwerero a kuntchito, ndipo mnzanga wa mu ofesi anafunsa ngati ndapeza mkazi, chifukwa cha mmene ndinkamwetulira. Matenda anuwo ndikuwadziwa, ndipo mankhwala ake ndi pepala limodzi.

Mverani. Kompyuta yaikulu siiona sikirini. Imangolamula kudzera pa waya kuti pukuta zonse, pita pa mzere wachisanu, walitsa mawu awa. Tsono fakitale iliyonse inaphunzitsa mabokosi ake kumva malamulowo mwa njira yakeyake. Kompyuta imasunga kaundula wofotokoza mtundu uliwonse wa bokosi, kuti ili ukafuna lipukute umalitumizira zakuti, ili zakuti. Mabokosi anuwo mulibe m'kaundulamo, ndiye kompyuta ikuwalamula ngati a mtundu wina, iwo n'kumangolemba malamulowo pa sikirini posowa chochita nawo.

Ndinatsikira m'chipinda cha pansi kuno ku yunivesite, komwe amaunjika mabuku a makina akale, ndipo buku la nambala mwanditumizirayo ndalipeza, fumbi lokhalokha. Ndakhala nalo masiku awiri n'kulemba mafotokozedwe onse, mizere makumi atatu. Muwapeza m'kalata momwemu. Musaope maonekedwe ake. Mzere woyamba ndi dzina, ndangoti bokosi. Yotsatirayo uliwonse ukunena chinthu chimodzi. Mwachitsanzo womwe ukuyamba ndi clear= ukunena zomwe kompyuta itumize kuti sikirini ipukutike.

Kopererani zonse mu fayilo, muitche bokosi.txt. Kenako lembani tic bokosi.txt n'kudina batani lalikulu. Kapulogalamu kameneka, tic, kamatenga zolemba za munthu n'kuzisandutsa zoti kompyuta izitha kuwerenga, kenako n'kuziika m'kaundula muja. Khalidwe lake ndi la Bambo: kakakhutira sikanena kanthu. Kakadandaula kamatchula nambala ya mzere wolakwika, inu n'kukonza. Pomaliza muiuze kompyuta kuti pa waya uliwonse pali bokosi la dzina limeneli. Njira yake ndalemba kuseri kwa pepalalo.

Ntchito yonseyi ndi ya ola limodzi. Amayi apampandowo ayambiretu kufuna kwina kosungira mipando yawo. Mundilembere tsiku lomwelo, ndipo mundiuze nkhope yomwe Bambo apange.

Wanu,
Mzime

26 Malichi

Mzime,

Moni. Tili bwino, ndipo ndili ndi nkhani ziwiri, yokoma ndi yowawasa. Ndiyamba ndi yokoma chifukwa sindingathe kuisunga.

Ola limodzi lako lija linanditengera Loweruka lonse. Tic wakoyo anandikalipira kanayi, koyamba pa mzere wachisanu ndi chiwiri, kenako wa khumi ndi chimodzi, ine thukuta kamukamu, Bambo ataima kumbuyo kwanga akupumira pakhosi panga. Kachisanu ndinadina batani, iye anangoti zii. Ndinafunsa Bambo kuti kodi wafa, iwo n'kuti, "Mwana uja anati akakhala chete wakondwa, tiye." Tinapita pa bokosi la nambala 1, la pafupi ndi zenera, n'kuliyatsa.

Mzime, ndinalira. Sikirini inapukutika yokha, pamwamba panabwera dzina la laibulale yathu, pansi pake mndandanda woongoka bwinobwino. Ndinalemba dzina la buku la ulimi wa njuchi, n'kundiuza shelefu yake ndi kuti labwerekedwa. Mphunzitsi wina wopuma ntchito amene amabwera kudzawerenga nyuzipepala anakhalapo mpaka nthawi yotseka, akufufuza mabuku omwe sakuwafuna n'komwe.

Yowawasa ndi iyi. Ena asanu ndi awiri aja sanasinthe. Awiri akuchita ngati akufuna kumva, amapukuta koma mizere ikuyambira pakati. Nambala 6 amadya mawu oyambirira a tsamba lililonse. Enawo ndi chipwirikiti chomwe chija. Ndasinthanitsa mawaya, ndakoperanso pepala lako kawiri, tic sakudandaula, koma palibe chosintha.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi Bambo. Pamene nambala 1 inayaka anaomba m'manja. Titayesa yachiwiri, yachitatu mpaka yomaliza, anangokhala pa mpando n'kumayang'ana manja awo. Ndinawafunsa chomwe akuganiza, anati palibe, n'kunyamuka kupita kunyumba osandidikira. Malikhweru aja atha. Mwina ndi kutopa chabe.

Kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Ndiuze chomwe ndalakwitsa, sindikwiya.

Chisamba

4 Epulo

Mwana wanga,

Ndi ine bambo ako. Akulemba ndi mayi ako chifukwa cholembera chimandithawa m'manja. Chemwali wako sakudziwa za kalatayi. Ndikhulupirira uli moyo ndipo ntchito ikuyenda.

Pepala lako lilibe cholakwa. Chemwali wakonso sanalakwitse. Wolakwa ndine, ndipo ndakhala masiku asanu ndi anayi ndikulephera kunena.

Bokosi la nambala 1 ndi lokhalo lomwe sindinalitsegule, chifukwa linabwera lamoyo. Enawo ndinawapanga ngati mmene ndakhala ndikupangira mawailesi moyo wanga wonse. Pa mulu uja panali mitundu itatu. Zigoba zabwino zinali za mtundu umodzi, koma zam'kati mwake zinali zitapsa. Zam'kati zamoyo zinali m'zigoba zophwanyika za mitundu inayo. Ndiye ndinachotsa uku n'kuika uku. Makiyibodi enanso ndi a kwina, ndinawalukira mawaya atsopano. Ndinasankha zigoba zofanana dala, kuti chipinda cha mwana wanga chioneke bwino. Kachitsulo ka kumbuyo kamene chemwali wako anakopera kakunena za chigoba chokha.

Pa wailesi zimenezi zilibe kanthu, ikayimba yayimba. Ndinkaganiza kuti izinso zikayaka zatha. Tsopano ndaona kuti makina a masiku ano safuna munthu wa mtundu wanga. Lomwe sindinaligwire ndi lomwe likugwira ntchito, ndipo zimenezi sizifuna sukulu kuti munthu amvetse. Ndawononga mabokosi asanu ndi awiri, ndipo ndachititsa manyazi chemwali wako pamaso pa komiti.

Ndikukupempha chinthu chimodzi. Umulembere kuti asavutikenso, awasiye atengedwe pa 9 Meyi. Kwa iwe amva. Ine ndikamuyang'ana mawu amandikanika.

Bambo ako

Ndiwonjezere ine mayi ako. Bambo akowa sakudya, ndipo mawu akuti munthu wa mtundu wanga ndalemba chifukwa anandikakamiza. Yankha ndi nzeru.

6 Epulo

Achemwali,

Moni nonse. Ya pa 26 yafika dzulo. Limodzi layaka, ndiye tapambana theka. Mundipatsire moni mphunzitsi wa nyuzipepalayo.

Ndilembe mwachidule chifukwa ndikuthamangira kuntchito. Ngati mafotokozedwe agwira pa bokosi limodzi, ndiye kuti ndi olondola, chifukwa mabokosi onsewo ndi a mtundu umodzi. Inu simunalakwitse. Vuto lili m'mabokosi asanu ndi awiriwo, ndipo tisanamizane, ndi zinthu zakale zomwe zinabwera zakufa. Bambo ayesetsa, koma izi si mawailesi, ndipo manja awo mukuwadziwa mmene alili. Kuwotcherera molakwika pamalo amodzi n'kokwanira kusokoneza zonse.

Malangizo anga ndi oti musadzivutitse. Sungani limodzilo, enawo alekeni apite. Ndifunsa kuno ngati pali ena abwino omwe akutayidwa. Kwa Bambo mupeze mawu abwino owauzira, inu mumatha zimenezo kuposa ine.

Mzime

15 Epulo

Bambo,

Moni Bambo, moni Amayi. Ndiyambe ndi kugwada. Pa 6 ndinalembera Achemwali kalata yopusa, ndisanalandire yanu. Ngati yafika, ing'ambeni. Ndinayankhula za mabokosi omwe sindinawaonepo ndiponso za manja omwe anandilera. Ndachita manyazi kwambiri, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire.

Tsopano mverani, chifukwa kalata yanu yandidumphitsa ndi chimwemwe. Ndaiwerengera mnzanga wa mu ofesi, munthu wa zaka makumi awiri pa ntchitoyi, ndipo anafunsa kawiri kuti, "Anachita zimenezi opanda chithunzi cha kayendedwe ka mawaya?" Bambo, simunawononge kanthu. Bokosi lowonongeka silionetsa zilembo. Anuwo akuonetsa, kutanthauza kuti akumva ndipo akuyankha. Kungoti ine ndinauza kompyuta kuti onse ndi a mtundu umodzi, pomwe m'kati mwawo ndi a mitundu itatu. Bodza linali papepala langa.

Mabokosi amenewa palibe fakitale yomwe ikuwadziwa, ndipo buku lake kulibe kulikonse. Amene akudziwa kuti m'bokosi lililonse muli chiyani ndi munthu mmodzi, inuyo. Ine sindingalembe mafotokozedwe ake. Ngakhale ndikanatha, kalata kupita ndi kubwera ndi milungu itatu, ndipo nthawiyo tilibe. Mulemba ndinu, Achemwali akhala zala zanu.

Njira yake nayi. Ndikukudziwani, timabuku tomwe tinabwera limodzi ndi mabokosiwo simunataye. Pezani ta mitundu iwiri inayo. Chakumapeto kwa kalikonse kuli tsamba la malamulo. Tengani pepala langa lija ngati chikombole, ndipo pa mzere uliwonse muchotse lamulo langa n'kuika la m'kabukuko. Mukatero mukhala ndi mafotokozedwe atatu, makolo atatu. Kenako bokosi lililonse mulipatse dzina lakelake, mulembe zokhazo zomwe likusiyana ndi kholo lake, ndipo pomaliza mulembe use= ndi dzina la khololo. Tic akaona zimenezo amakatenga zotsalazo kwa kholo.

Za makiyibodi munalukira mawaya aja, Achemwali alembe cat -v, inu muzidina batani limodzilimodzi, ndipo sikirini izikuonetsani zomwe batanilo likutumiza. Muzikopere pa mzere wake. Nambala 6, wodya mawu uja, ndikumuganizira kuti ndi wochedwa chabe: akamapukuta, kompyuta imakhala itayamba kale kulankhula. Pamapeto pa mzere wa clear= mukhoza kulemba $<50>, kutanthauza kuti kompyuta idikire kaye pang'ono. Nambalayo muziikweza mpaka asiye kudya.

Tic akakukalipirani musakhumudwe, amakalipira aliyense, ngakhale maprofesa. Chonde idyani, ndipo mundilembere chilichonse chomwe chichitike.

Mwana wanu,
Mzime

17 Epulo

Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa tinaleredwa bwino, koma ndakwiya nawe.

Kalata yako ya pa 6 inafika dzulo. Wayiwala kuti kwathu kuno kalata yako imatsegulidwa patebulo, onse tili pomwepo, ine n'kumawerenga mokweza? Ndinafika pa mawu akuti manja awo mukuwadziwa ndisanazindikire komwe chiganizocho chikupita. Ndinayesa kudumpha, koma Bambo anati, "Werenga zonse, mwanayo sananame." Ndinawerenga mpaka pomwe ukundiuza kuti ndipeze mawu abwino owauzira. Amayi anatuluka panja.

Pambuyo pake Bambo anandiuza okha za zigoba ndi zam'kati, ndiponso kuti anakulembera. Lero m'mawa alongedza zida zawo zonse m'katoni, chitsulo chowotcherera, timapulayala, ngakhale galasi lokulitsira lija, n'kupempha Amayi kuti apatse aliyense wozifuna. Abwereranso pakhonde.

Iwe unaphunzira, ife tikudziwa, ndipo timakunyadira. Koma munthu wa miyezi isanu ya ntchito sumumaliza ndi mizere inayi uku ukuthamangira basi. Ine mabokosiwo sindiwapereka ndisanamenye nkhondo, ngakhale sindikudziwa kuti ndiyambira pati. Kwatsala masiku makumi awiri ndi awiri.

Chisamba

1 Meyi

Mzime wathu,

Moni, ndipo kalata yanga yaukali ija uisunge, unaiyenera, koma mkwiyo watha. Ndikulemba mothamanga pa nthawi ya chakudya chamasana, zala zikuwawa.

Yako ya pa 15 inafika pa 25. Bambo anakana kuti ndiwerenge, anati amva zokwanira. Amayi anailanda, n'kukaima pakhonde pamaso pawo, n'kuwerenga mokweza ngati akulengeza pa msika. Pa kupepesa kwako Bambo sanagwedezeke. Pa mnzako wa zaka makumi awiri uja anakhosomola. Atafika Amayi pa nambala 6, Bambo anawadula mawu. "Ameneyo ndi waulesi, ndinamuona kalekale. Akapukuta amafuna apume kaye. Ndiye akuti pali polemba zimenezo?" Amayi anati pali polemba. Bambo anafunsa komwe kuli katoni ija, Amayi n'kuti ili pansi pa bedi, sinapite kulikonse.

Timabuku tija analidi nato, m'chitini cha mabisiketi. Chiyambire Loweruka tikugwira ntchito chonchi: Bambo amakhala ndi galasi lawo pa kabuku n'kumatchula, ine n'kumalemba. Satsegula bokosi kuti adziwe zam'kati. Amangoligogoda pamwamba n'kuti uyu ndi wa mtundu wachiwiri koma kiyibodi ndi ya wachitatu, batani lopita kumanzere ndinalilumikiza kwina chifukwa njira yake inapsa. Tikayesa ndi cat -v, zimapezeka momwemo. Mayina apereka okha. Mu kompyuta ya laibulale muli tsopano waulesi, wamakani, mkamwini, chifukwa anachokera kwina n'kudzakhala m'chigoba cha eni, ndi ena otero.

Ndi tic amakangana ngati anzawo akale. Akadandaula za mzere wakuti, Bambo amati, "Wanena zoona, tabwerera." Tsiku lina tic anakhala chete koma bokosi linasokonezabe, Bambo n'kuti, "Uyu amangoona ngati walemba mwaudongo, zoti wanena zoona alibe nazo ntchito." Ndinawauza kuti ndi zomwe zinachitikira pepala lako, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Waulesi tinamuyamba pa 50, anadyabe mawu. Pa 80 anadya chilembo chimodzi. Bambo anatseka maso, n'kugogoda tebulo ndi chala ngati akumvetsera wailesi, n'kuti ika 120. Tsamba linabwera lathunthu. Ndinakuwa mpaka owerenga nyuzipepala anadzuka kudzaona.

Pofika lero oyenda bwino ndi asanu, kuphatikiza nambala 1. Awiri ali pafupi. Nambala 8 yekha ndiye watiimitsa mitu, chifukwa lamulo lomwelomwelo amalimva lero, mawa n'kulikana. Amayi apampando anasuzumira dzulo, anayang'ana masikirini obiriwirawo, n'kufunsa ngati holo ilibe kachipinda kena. Ine ndinangopitiriza kulemba. Kwatsala masiku asanu ndi atatu. Utiuze ngati tchuthi chako cha chaka chino chilipo.

Chisamba

10 Meyi

Mwana wanga,

Ndi ine bambo ako, akulemba ndi mayi ako. Tili bwino, ndipo ndikudya, usamvere zonena zawo. Kalata yako yopepesa ndinaimva. Nkhani imeneyo yatha, tisaibwerezenso.

Dzulo komiti inabwera, anthu asanu ndi mmodzi, ndipo wogula zitsulo anaimika ngolo yake pakhomo penipeni kuti tiione. Ine ndinavala jekete. Chemwali wako anawauza kuti aliyense akhale pa bokosi lomwe akufuna, afufuze buku lomwe akufuna. Amayi apampando anasankha waulesi. Waulesiyo anapuma kaye monga tinamulembera, n'kuwapatsa tsamba lonse. Anafufuza buku la malamulo a misonkhano, analipeza, anapita pa shelefu kukatsimikiza, n'kubwera nalo m'manja. Kenako anazungulira kumbuyo, anawerenga tizitsulo tija, n'kufunsa kuti ngati onse ndi a fakitale imodzi, bwanji ali ndi mayina osiyana. Chemwali wako anati fakitale yake ndi iyo yavala jeketeyo. Ndinayang'ana pansi, koma ndisakunamize, ndinakondwa kwambiri.

Asanu ndi awiri akhala. Chipinda chakhala cha owerenga, mipando ipita kwina. Lero m'mawa pa bokosi lililonse panali munthu, ena ataima kumbuyo kudikira.

Ndikuuzenso kanthu kena. Pepala lako lija, la nambala 1, linali ndi cholakwa chimodzi. Batani lobwerera tsamba la m'mbuyo silinkagwira, unalemba lamulo la batani lina. Ndakonza, tic wavomera. Usadandaule, unalemba usanalione bokosilo.

Nambala 8 sanayende. Ndamufufuza masiku asanu ndi atatu, ndipo ameneyo ndiye ndinamuwonongadi. Pali pomwe dzanja linanjenjemera ndikuwotcherera, ndipo sindikupaona. Ndinauza komiti choncho ndi pakamwa panga. Mmodzi ndikhoza kumuvomera, sizili ngati asanu ndi awiri. Wa zitsulo atamunyamula ndinapempha amayi apampando kuti andipatse ine, iwo anati ndi wanga kale. Wa ngoloyo anandiperekeza naye mpaka kunyumba, akudandaula njira yonse kuti wabwera pachabe.

Nambala 8 ali patebulo langa m'kachipinda ka kuseri, ndamufunditsa nsalu. Ndikudziwa mbali yomwe pali vuto, koma pakufunika maso abwino ndi dzanja losagwedezeka. Chemwali wako akuti tchuthi chako chimakhala mu Ogasiti, ndipo patha zaka zinayi usanabwere. Sindimutsegula. Ine ndidzakuuza pogwira, iwe udzagwira chitsulo.

Bambo ako